Belo la pulasitiki likafika ku Asia, zotsala amasenza ndani?

Mayi wa ku Manchester akatsuka chidebe cha yogati n'kuchiponya m'bini ya zinthu zokakonzedwanso, mtima umakhala m'malo kuti wachita bwino. Kodi alipo amene anamuuza kuti chidebecho chikhoza kukatulukira m'mudzi wina kutsidya la nyanja?

Kwa zaka zambiri dziko la China ndilo linkagula kwambiri zinyalala za pulasitiki za mayiko olemera. Mu Januwale 2018 linatseka chitseko. Sitima sizinasiye kuyenda, zinangokhotera ku Malaysia, Vietnam, Thailand, Indonesia ndi Turkey. Ngati malondawa anali okoma, n'chifukwa chiyani wogula wamkulu anawakana?

Belo la pulasitiki lili ngati la kaunjika: zamkati umaziona utalipira kale. Antchito amalimasula n'kuyamba kusankha ndi manja, mabotolo a zakumwa uku, zigubu uko. Ena amayatsa kachidutswa n'kununkhiza utsi kuti adziwe mtundu wake. Zabwinozo makina amazidula tizidutswa, amazitsuka, amazisungunula, zimatuluka ngati zingwe zazitali, kenako zimadulidwa kukhala timibulu togulitsa ku mafakitale. Ntchito imeneyi ndi yeniyeni, ndipo mabanja ambiri amadyerapo. Sitikuinyoza. Koma bwanji za mapepala okulungira zakudya omatidwa ndi zitsulo zopyapyala, majumbo odzaza mafuta, ndi zina zosasungunulika bwino? Nanga madzi akuda otsukira aja amalowera kuti, ngati si mumtsinje womwewo umene anthu amawedzamo nsomba?

Anthu a ku Jenjarom, m'chigawo cha Selangor ku Malaysia, yankho analimva m'chifuwa. Mu 2018 mafakitale opanda chilolezo anamera pakati pa minda ya kanjedza wa mafuta, ndipo usiku zotsala zinkatenthedwa. Anthu ankadzuka akutsokomola. Eni mudziwo ndi amene anayendayenda kufufuza kumene utsi ukuchokera, mpaka boma linatseka mafakitale ambiri.

Ku Tropodo, kum'mawa kwa chilumba cha Java, nkhani ndi yomvetsa chisoni kuposa pamenepo. Ophika tofu, chakudya cha soya, amasonkhezera moto ndi pulasitiki chifukwa ndi yotchipa kuposa nkhuni, ndipo ina mwa iyo inkabwera yosakanikirana ndi mapepala akale ochokera kunja. Mu 2019 bungwe la IPEN ndi anzake anapeza poizoni wa dioxin wochuluka m'mazira a nkhuku zoyenda m'mudzimo. Mwana wodya dzira limenelo analakwira yani?

Malaysia inakwiya ndi zinyalala zochokera kunjazi. Mu Januwale 2020 nduna Yeo Bee Yin analengeza kuti makontena 150 a zinyalala za pulasitiki abwezedwa kwa eni ake, 43 ku France, 42 ku Britain. Kuyambira 2021 pangano la mayiko la Basel likufuna kuti dziko lolandira livomereze kaye lisanatumiziridwe pulasitiki yosakanikirana. Koma United States, limodzi mwa mayiko otaya pulasitiki yambiri, silinalowe m'panganoli. Ndipo padoko pamene pakudutsa makontena zikwizikwi, ndi angati amene amatsegulidwa?

Chimene chikutipweteka kwambiri ndi mawerengedwe. Mayiko ena akhala akulemba belo kuti "lakonzedwanso" likangotumizidwa kunja, pomwe palibe amene analitsatira mpaka pa moto wa ku Jenjarom. Bwanji wotumiza asamakakamizidwe kusonyeza matani amene anasandukadi timibulu, ndi kulipira yekha mtengo wosamalira matani amene anatsala?