Nyumba ya lendi muziiyeza ndi miyendo, osati ndi maso okha

 

Lero sindikamba za mankhwala, ndikamba za nyumba. Wina afunsa kuti, "Anesi, za lendi zikukukhudzani pati?" Zikundikhudza kwambiri, chifukwa odwala ambiri amene amatifika mochedwa kuchipatala si kuti ndi osasamala ayi. Chimawachedwetsa ndi kutalika kwa kumene akukhala.

Kuno kwathu anthu tikusamuka kawirikawiri. Bambo wapeza ntchito ya nzimbe ku Nchalo, banja lonse liyenera kumutsatira. Mphunzitsi wasinthidwa sukulu. Mayi akufuna kuyamba geni pa Bangula, pa Ngabu kapena pa Nsanje Boma. Ena madzi anawagumulira nyumba mu Januwale 2015, ena nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 kapena wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mpaka lero akukhala m'nyumba za lendi. Nonsenu nkhaniyi ndi yanu.

Zimene zimachitika nthawi zambiri mukuzidziwa. Bambo amakwera njinga yekha, kukafika kumaloko, n'kuona nyumba ya malata, pansi pa simenti, mtengo wotsika. Amapereka ndalama ya miyezi itatu pompo, kenako n'kuimba foni: "Mayi a mwana, nyumba ndapeza, longedzani." Mayi amakaiona nyumbayo tsiku lotsitsa katundu pangolo. Koma amene azikatunga madzi tsiku ndi tsiku, kubereka mwana kupita naye kusikelo, ndi kuyenda ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu padzuwa, ndi mayi yemweyo amene sanafunsidwe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosapsatira: nyumba yotchipa imene ili kutali ndi chipatala, madzi ndi sukulu si yotchipa. Ndalama imene mwapulumutsa kwa eni nyumba mudzaipereka kwa akabaza, ndipo ina mudzaipereka ndi thupi lanu.

Ndikuuzeni zimene ndinaona usiku wina ndili pantchito nyengo ya dzinja. Kutangotsala pang'ono kucha anabwera ndi mayi wachitsikana atamunyamula pamachira, khanda lili m'manja mwa apongozi ake. Banjalo linali litasamukira m'deralo miyezi inayi m'mbuyomo. Matenda anayamba usiku, mvula ikugwa. Pakati pa nyumba yawo ndi msewu panali kamtsinje, ndipo usiku umenewo kanali katadzaza. Wakabaza anakana kuoloka, ndipo ine sindimuimba mlandu. Anadikira kuti madzi aphwe, mayiyo n'kuchirira m'mbali mwa njira, magazi akutayika. Mulungu anachita chifundo, tinakwanitsa kuletsa magaziwo ndipo onse awiri ali moyo. Koma mawu a mwamuna wake sindiwaiwala. Anati, "Anesi, nditabwera kudzaona nyumbayi mu Okutobala, mumtsinjemo munali mchenga wokhawokha, ana akuseweramo mpira."

Bamboyo sanali woipa mtima. Anangoiona nyumbayo m'chilimwe, masana, ali panjinga, ali wamphamvu. Mkazi wake anafunika kuyenda njira yomweyo m'dzinja, usiku, akumva ululu. Kutaya magazi mayi akangochira kungathe kupha m'maola awiri okha ngati thandizo palibe. Ndiye funso loyamba posankha nyumba lisakhale lakuti "ndi ndalama zingati?" Likhale lakuti "usiku wa mvula tingatuluke bwanji kuno?"

Musanapereke ndalama, pitani nonse awiri, musiye njinga, muyende wapansi maulendo anayi awa kuchokera pakhomo la nyumbayo. Muone nthawi pafoni ponyamuka ndi pofika.

Ulendo woyamba: kuchipatala. Munthu wamkulu wathanzi amayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola. Mayi woyembekezera, kapena wobereka mwana wodwala kumbuyo, sangafike pamenepo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Werengani maulendo amene akukudikirani. Woyembekezera amafunika kuonana ndi azachipatala maulendo 8 asanachire. Mwana akabadwa pali katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14. Pali katemera wa malungo, amene Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma oyamba kulandira mu 2019, ndipo amaperekedwa kanayi. Pali wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Onjezanipo sikelo ya mwezi ndi mwezi, jakisoni wolera wa miyezi itatu iliyonse, ma ARV, mankhwala a BP a agogo. Njira ikakhala yaitali, umodzi mwa maulendo amenewa umayamba kudumphidwa, kenako wachiwiri, mpaka buku la mwana limangokhala m'chikwama. Zimenezi timaziona m'mabuku a ana, si nkhambakamwa.

Mukafika pachipatalapo musangoona chikwangwani n'kubwerera. Funsani: kodi pano amachiritsa amayi? Usiku pamakhala munthu? Pali malo odikirira amayi oyembekezera? Ndi cha boma kapena cha mishoni? Zipatala za mishoni monga Kalemba ku Bangula, St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Fatima zimathandiza anthu ambiri, koma pa zithandizo zina pamafunika kulipira, pamene zina za amayi ndi ana zimakhala zaulere pakakhala mgwirizano ndi boma. Dziwiranitu zimenezi muli bwino, osati mwana atakomoka. Safunsa anadya phula.

Ulendo wachiwiri: kumadzi. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo banja silikwanira chigubu chimodzi patsiku. Muyezo umene akatswiri a zaumoyo padziko lonse amagwiritsa ntchito ndi wakuti kupita, kudikira pamzere ndi kubwerako zonse pamodzi zisapitirire mphindi 30. Ndiye pitani pamjigo kapena pampopi m'mawa, nthawi imene pamadzaza anthu, muone kutalika kwa mzere wa ndowa. Madziwo alaweni. Tonse tikudziwa kuti mijigo ina m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, oti nyemba sizipsa, sopo sachita thovu. Mjigo ukakhala wamchere kapena wakutali, amayi ndi atsikana amathera kumtsinje, ndipo kumtsinje kuli kolera, likodzo ndi ng'ona. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 sitinauiwale. Funsaninso kuti mjigowo ukawonongeka anthu amatunga kuti, ndipo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti aukonze.

Ulendo wachitatu: kusukulu. Uwu muyende ndi mwana wanu wamng'ono kwambiri amene ali pasukulu, pa liwiro lake, osati lanu. Mwana wa Sitandade 1 ndi wa zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Kodi adzaoloka msewu wa M1 pamene pamathamanga malole ndi maminibasi? Adzadutsa pakhwawa? Ngati muli ndi mtsikana wa kusekondale, kodi njira yake ikudutsa patchire, m'minda ya nzimbe, kapena pamalo omwera mowa? Mtsikana amene amayenda maola awiri patsiku amafika m'kalasi atatopa, ndipo amakhala pa chiyeso cha amuna omulonjeza kumukweza njinga. Atsikana ena amene timawalandira kusikelo ya amayi oyembekezera, nkhani yawo inayambira panjira ya kusukulu.

Ulendo wachinayi: kuntchito, kumsika ndi kuchigayo. Apa tengani cholembera. Tingoyerekeza: nyumba yapafupi ndi K40,000 pamwezi, yakutali ndi K25,000. Mukuona ngati mwapulumutsa K15,000. Koma ngati bambo azilipira kabaza K500 popita ndi K500 pobwera, masiku 26 pamwezi, imeneyo ndi K26,000. Simunawerengere ulendo wa mayi kuchipatala, kapena tomato ndi nsomba zofika pamsika ogula atabalalika kale. Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo, inu ikanipo mitengo ya kwanuko, muone nokha kuti yotchipa ndi iti.

Mukatha maulendo anayiwo, bwererani panyumbapo muyang'ane zipupa. Madzi osefukira amasiya mzere pakhoma, ndipo ngakhale apake laimu, pansi pa khoma pamaoneka kufumbutuka. Onani nyumba za anansi ndi makungwa a mitengo. Musafunse mwini nyumba yekha, iye akufuna ndalama. Funsani mayi wachikulire wa pafupi, kapena amayi a pamjigo: "Nthawi ya Freddy madzi analekeza pati? Mu Febuluwale mumadzera njira iti popita kuchipatala?" Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa kale adzadutsanso. Onaninso chimbudzi: chili ndi chivindikiro? Chikugwiritsidwa ntchito ndi mabanja angati? Chatsala pang'ono kudzaza? Chisakhale pafupi ndi chitsime, patalike mamita 30 kapena kuposa. Onani ngati pali pomangirira neti, ndi ngati kuseri kuli zithaphwi zoswanirana udzudzu.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. "Anesi, inu mumalandira malipiro pakutha pa mwezi. Ife tilibe ndalama ya nyumba ya pafupi ndi chipatala." Ndi zoona, ndipo sindikunyozetsa umphawi wa munthu. Ena mukuti, "Chakudya chathu chili kudimba, nsomba zili kumadzi. Tikakhala kumtunda tidya chiyani?" Izinso ndi zoona. N'chifukwa chake mabanja ambiri amene anasamutsidwa madzi atasefukira amabwereranso kumunsi, si kuuma mutu ayi, ndi njala.

Yankho langa ndi ili. Simungapeze nyumba imene ili pafupi ndi chilichonse. Ulendo umodzi udzatalika basi. Ndiye sankhani kuti utalike ndi uti. Ulendo wautali ukhale wa munthu wamkulu, wamphamvu, woyenda masana, wodziwa tsiku lake, monga wa kudimba kapena wa kuntchito panjinga. Ulendo waufupi ukhale wa mwana, wa woyembekezera, wa wodwala, umene umabwera modzidzimutsa pakati pa usiku. Bambo akachedwa kudimba ndi ola limodzi, chimanga sichifa. Mwana wa malungo akulu akachedwa kuchipatala ndi ola limodzi, nkhani imatha kukhala ina. Kuli bwino chipinda chimodzi chothithikana pamalo okwera, pafupi ndi madzi abwino ndi njira yodutsika chaka chonse, kusiyana ndi nyumba ya zipinda zitatu kutsidya kwa mtsinje.

Sindikunenanso kuti chilichonse chapafupi ndi chabwino. Nyumba ya kuseri kwa bala, kapena ya pamdadada pamene mabanja khumi akulimbirana chimbudzi chimodzi, ili ndi mavuto akenso. Kuyandikira msika n'kwabwino, koma osati pamene pamatayidwa zinyalala za msikawo.

Nanga ngati mwayesetsa koma yomwe mungakwanitse ndi yakutali yomweyo? Musataye mtima, konzekani. Mayi woyembekezera apite kukadikirira kuchipatala mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, makamaka ngati ndi dzinja, asadikire kuti matenda ayambire kunyumba. Sungani manambala a akabaza awiri amene avomera kudzuka usiku. Ikani padera ndalama ya ulendo imene sikhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa. Sabata yoyamba yomweyo fufuzani mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mudziwe tsiku la sikelo yoyendera komanso ngati pali kachipatala ka m'mudzi ka ana osakwana zaka zisanu. M'nyumba musasowe Thanzi ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Kadziwitseni amfumu kuti mwabwera, ndipo dziwanani ndi anansi, chifukwa tsiku la vuto amene adzagwire machira ndi iwowo.

Chomaliza, musananyamuke kumene mukuchokako. Mabuku a kuchipatala a banja lonse muwaike m'pepala la pulasitiki, asalowe m'thumba la ziwiya. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP kapena a khunyu, pitani kuchipatala chanu mukanene kuti mukusamuka, akupatseni kalata yosamukira ndi mankhwala okufikitsani. Musachite manyazi kukayamba pamalo atsopano. Kusamuka ndi nthawi imene anthu ambiri amadukiza mankhwala.

Abambo, ndikupempheni ndi ulemu wonse: musalipire nyumba imene akazi anu sanaione. Si kuchepetsa udindo wanu. Iwo aona zimene inu simungaone muli panjinga. Ndipo inu amayi, mukaitanidwa kukaona nyumba musangoyang'ana khitchini ndi pounikira zovala. Valani nsapato, berekani mwana, yendani mpaka pachipatala, muone kuti zakutengerani nthawi yaitali bwanji. Mukafika mukupuma wefuwefu tsiku loti muli bwinobwino, dziwani kuti tsiku lodwala simudzafika.

Ngati muli ndi m'bale amene akukonzeka kusamuka mvula isanayambe, muuzeni zimenezi asanapereke ndalama. Khalani bwino nonse, ndipo musaiwale kugona m'neti usiku uno.