Zolaula zili ndi malo ace

Pa msika wa ku Ulongwe wailesi ilikulira. Nyimbo yace ilikuchula ziwalo zobisika za mkazi. Mai wina alikugula mcere, mkamwini wace ali capafupi. Onse awiri angowerama ndi manyazi. Koma kamwana kalikuvina, ndipo mawuwo kawaloweza kale.

Tikadandaula, ena amayankha kuti: "Ndi mwambo wathu. Kodi Nyau siziimba zolaula?"

Inde, zimaimba. Anamkungwi nawonso sabisa mawu polangiza namwali. Pa maliro adzukulu amaseka anamfedwa ndi mawu oti munthu wina sangayerekeze kuwanena. Asuweni amanyozana popanda mlandu. Izi sitikana. Gule Wamkulu ndi cuma cathu, ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linamulemekeza monga cuma ca anthu onse, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Koma makolo athu anamanga mpanda. Zakudambwe zinali za olowa okha. Zam'tsimba sizinali kutuluka panja. Mdzukulu akabwera kumanda ndi kusamba, nthabwala zace zinali kuthera pomwepo. Mawu aliwonse anali ndi mwini wace, malo ace ndi tsiku lace.

Wailesi ya pa msika ilibe mpanda. Foni ya m'galimoto siidziwa kuti pano pali apongozi. Woimba amene agulitsa zolaula kwa aliyense sasunga mwambo. Iye wathyola mpanda, ndipo afuna ndalama cabe.

Taonaninso amene amalasidwa ndi mawuwa. Amuna awiri akayambana pa mowa, amatukwana amai a mnzao, amene ali kumunda osadziwa kanthu. Mwamuna akakwiya, amatukwana mkazi wace ana alikumva. Mawa mnyamata adzatukwana mlongo wace ndi mawu omwewo, ndipo bambo adzamukwapula. Kodi mphunzitsi wace anali ndani?

Anzathu, ife taphunzira kuwerenga tili akulu. Tadziwa kuti mawu ali ndi mphamvu. Kuongola mtengo mpoyamba. Tiuze mwini wailesi kuti asinthe nyimbo. Tikakwiya, tinene colakwaco, amai a munthu tiwasiye.

Tikambirane:
1. Kodi m'mudzi mwanu zolaula zimaloledwa pa nthawi ziti?
2. Cifukwa ciani otukwana amachula amai?
3. Mwana akatukwana, tiyambe kulangiza ndani?