Mbatata pa Thandala la Usipa

Mudzi wa Chembe, m'dera la Mfumu Nankumba ku Mangochi, uli pakati pa nyanja ndi mapiri. Mapiriwo ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park imene idakhazikitsidwa mu 1980. Motero minda ndi yochepa, ndipo mabanja ambiri amadalira nsomba. Komatu nsombazo zikucheperachepera. Chambo, chimene kale chinali ndiwo wamba, lero n'chodula zedi.

Kodi anthu a ku Chembe angagwirenso ntchito yanji? Mbatata ingathe kuwathandiza, ngakhale iwo alibe malo oilimapo yambiri.

Alimi a m'midzi ya kumtunda amakolola mbatata yambiri nthaŵi imodzi. Mtengo umatsika, ndipo yotsala imaola kapena kufumbwa m'nkhuti. Vuto lagona pa kasungidwe. Tsono luso losunga chakudya ndilo limene amayi a ku Chembe ali nalo kale. Tsiku ndi tsiku iwo amayanika usipa pa mathandala, ndipo amadziŵa bwino za dzuŵa ndi mphepo ya mwera. Manja omwewo angathe kusenda mbatata, kuiduladula ndi kuiyanika kuti ikhale makaka. Makakawo akapita ku chigayo, ufa wake umasakanizidwa ndi wa tirigu pophika mandasi ndi buledi. Tirigu wambiri amene timadya m'Malaŵi amachokera kunja, choncho thumba lililonse la ufa wa mbatata limapulumutsa ndalama.

Mbatata yoyenera kwambiri ndi yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika. Mitundu imeneyi ili ndi vitamini A amene amateteza maso a ana. Koma vitamini ameneyu amachepa makaka akakhalitsa padzuŵa kapena akasungidwa miyezi yambiri. Ntchitoyi siifuna ulesi.

Ena amati pafunika fakitale yaikulu ngati za ku Blantyre, kumene kampani ya Universal Industries idapangapo mabisiketi a mbatata. Maganizo ameneŵa ngolakwika. Fakitale yotere imafuna magetsi osazimazima ndi mbatata ya chaka chonse. Chembe akufunika gulu la amayi, mathandala aukhondo osanunkha nsomba, ndi chigayo chimodzi.

Msika ulipo kale. Asodzi amagula mandasi m'maŵa uliwonse pochokera ku nyanja, ndipo nyumba zogona alendo zimafuna buledi. Ufa wotsala ungakwere galimoto zomwe zimanyamula usipa kupita ku Monkey Bay ndi ku Mangochi.