MWANA WAPHUNZIRA ZA ANTHU: NANGA ADZAGWIRA NCHITO YANJI?



Mwezi wathawu tinakomana ndi mai wina wachikulire pa njira yochokera ku msika wa Bembeke. Iye anatula dengu lache, natifunsa ndi mau otsika kuti: "Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi anatha zaka zinai ku Zomba. Tinagulitsa mbuzi zonse, ndi kachewere wa m'munda ndi wa ku dimba yemwe. Tsopano wabwera ndi pepala lache, ati anaphunzira Sociology. Wophunzira unamwino tidziwa kuti apita ku chipatala, wophunzira uphunzitsi apita ku sukulu. Nanga uyu apita kuti?" Funso limeneli liri m'nyumba zambiri, chifukwa chache tiliyankha pano, kuti onse amve.

Poyamba tidziwe chimene mwanayo anaphunzira. Sociology ndiwo maphunziro a kakhalidwe ka anthu pamodzi: banja, pfuko, mudzi, malo, ukwati, umphawi, ndi zifukwa zimene anthu achitira zimene achita. Taonani mjigo. Amisiri aukumba bwino, madzi natuluka. Koma patapita chaka mjigo wafa, ndipo amai abwerera ku chitsime cha ku dambo. Mmisiri adziwa chitsulo chimene chatyoka. Koma wophunzira za anthu afunsa zina: Ndani anasunga ndalama zokonzera? Malo a mjigowo ndi a pfuko liti? Kodi amai otunga madzi anafunsidwa? Bvuto la chitsulo litha tsiku limodzi. Bvuto la anthu, likapanda womvetsa, lipha mjigo wachiwiri ndi wachitatu.

Maphunziro otere alibe khomo limodzi lolembedwa dzina lao. Makomo alipo angapo, ndipo tiwatchula.

Khomo loyamba ndi la Boma. Pa boma la Dedza, monga pa maboma ena onse, pali ofesi yoona za umoyo wa mabanja, imene aitcha Social Welfare. Anchito ache ayang'anira ana amasiye, okalamba ndi opunduka. Thandizo la ndalama la Mtukula Pakhomo, limene linayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, lifuna anthu odziwa kupeza nyumba yosaukitsitsa mopanda tsankho. Ndiponso chiyambire lamulo loteteza ana la 2010, mwana akapalamula, pafunika munthu wopita kwao kukaona makhalidwe a pa khomopo, ndi kulembera bwalo la milandu zoona zache.

Khomo lachiwiri ndi la kufufuza. Ofesi yaikulu yowerenga anthu iri ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'dziko lino, ndipo oposa 830,000 mwa iwo anali a boma lathu la Dedza. Ku Zomba komweko, pa sukulu ya ukachenjede, pali nyumba ya kafukufuku yochedwa Centre for Social Research. Nyumba zotere zituma anyamata ndi asungwana m'midzi kukafunsa mafunso ndi kulemba mayankho. Kawirikawiri nchitoyi ndi ya masabata kapena miyezi yowerengeka chabe, koma ambiri ayambira pomwepo.

Khomo lachitatu ndi la mabungwe a chitukuko, monga CADECOM ndi ena. Mukumbukira kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, ndipo malamulo akulu a dziko anakonzedwa chomwecho mu 2017. Koma lamulo liribe miyendo. Inkosi Theresa Kachindamoto wa ku Mtakataka anamveka maiko akutali chifukwa anathetsa maukwati a ana mazanamazana, pokambirana ndi mafumu, makolo ndi magulu a amai. Mabungwe afuna anthu odziwa nchito yotere: kukhala pansi ndi ankhoswe, kumva chimene chikakamiza kholo kukwatitsa mwana wamng'ono, ndi kufuna njira yobwezera mwanayo ku sukulu.

Khomo lachinai ndi la malo. Msewu kapena damu likamadutsa m'minda ya anthu, payenera kukhala wolemba eni minda, mitengo yao ndi manda ao, kuti chipepeso chifike kwa mwini weniweni. Kuno kwathu, m'midzi ya chikamwini, munda ndi wa mbumba ya mkazi. Mlendo wosadziwa alemba dzina la mkamwini, ndalama nizipita, mkazi ndi ana natsala opanda munda ndi opanda kanthu. Mwana wathu wophunzira, wobadwira mwambo umenewu, angathe kuletsa cholakwa chotere ndi funso limodzi.

Khomo lina, laling'ono, ndi la kusunga miyambo. Mapanga 127 a zojambula za makolo a ku Chongoni anawerengedwa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo ku Mua kuli nyumba ya Kungoni, yoyamba mu 1976. Malo a nchito kumeneko ndi ochepa, koma alipo.

Tsono tisakunamizeni, abale. Makomo onsewa ndi opapatiza, ndipo ogogoda ndi ambiri. Nchito za mabungwe zitha pamene ndalama za chaka zatha. Wina adikira chaka, wina zaka ziwiri. Ndipo amene anatenga ngongole ya sukulu ayenera kudzabweza. Pepala lokha silitsegula khomo.

Chifukwa chache tinena kwa iwe mwana wophunzira. Onjeza luso la m'manja pa nzeru zako: dziwa kusanja mawerengero pa kompyuta, ndi kulemba lipoti lalifupi lomveka. Usanyoze nchito ya masabata atatu, kapena yothandiza popanda malipiro pa ofesi ya boma kapena pa bungwe la m'mudzi. Pakuti wolemba nchito afunsa chimene unachitapo kale. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Koposa zonse usachite manyazi ndi kwanu. Chichewa chako, kudziwa kwako kugwada pa bwalo la mfumu ndi kulankhula ndi agogo, ndicho chuma chimene mnzako wokulira m'tauni ayenera kuchiphunzira mobvutika.

Ndipo kwa inu makolo tinena mau awiri. Mwana asanasankhe maphunziro, funsani kwa amene anapitako, pakuti safunsa anadya phula. Koma akabwera nakhala pa khomo kudikira, musamtonze pa nsima, kapena kumuwerengera mbuzi zimene zinagulitsidwa. Mtima wache uli wolemera kale. Mpatseni ndalama ya ulendo wokapereka kalata yofunsira nchito, monga munampatsa ya sukulu. Ndipo m'mudzi mukakhala nkhani ya mjigo, ya banki ya m'mudzi kapena ya malire a munda, muitaneni akhale mlembi wanu. Pamenepo nzeru zache sizichita dzimbiri, ndipo mudzi upindula.

Mai uja tinamuuza zomwezi. Anasenzanso dengu lache nati: "Ndiye kuti mawa apite pa boma, akafunse." Tinabvomera kuti apitedi, ndipo akabwezedwa apitenso.

Tsalani bwino, abale, kufikira mwezi wa mawa.