Njinga ya aulumali ikatha matayala, alipire ndani?

M'maboma a Machinga ndi Balaka, njinga zambiri za anthu aulumali zimafika ngati mphatso kuchokera ku mipingo, mabungwe ndi andale. Vuto limayamba mwambo wopereka ukatha. M'misewu ya mchenga ndi miyala matayala sachedwa kuperepeseka, masipoko amathyoka, khushoni nkuphwa.

Khushoniyo ena amaiyesa chokometsera chabe. Komatu malangizo omwe bungwe la WHO lidatulutsa mu 2008 amaiwerengera pamodzi ndi njingayo, chifukwa munthu yemwe adavulala msana akakhala nthawi yaitali pouma amatuluka zilonda zomwe zingathe kumupha.

Pachipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, chilonda chotere amachitsuka mwaulere. Koma khushoni yomwe ikadachipewa, kawirikawiri banja limadzionera lokha. Apa boma likutaya ndalama zambiri pochiza chomwe likadateteza ndi zochepa.

Inshulansi ya zaumoyo, monga ya MASM, imafikira makamaka anthu apantchito zolembedwa. Mlimi wa ku Ntaja kapena Utale thandizo lake ndi wokonza njinga za kabaza, yemwe amalumikiza zomwe wapeza. Zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo mitengo yake idakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Lamulo la 2012 lidakhazikitsa thumba lothandizira aulumali. Makhonsolo awiriwa akadayenera kulimbikira kuti mbali ina ya ndalamazo izigulira makhushoni ndi matayala, ndipo aliyense wopereka njinga azinena komwe ikakonzedwere.