Za Kuno ndi Kwathu: Danai Gurira anadzilembera yekha ntchito

Ana athu amamudziwa Danai Gurira ngati Okoye, mkulu wa asilikali achikazi mu filimu ya Black Panther ya 2018, kapena ngati Michonne wa lupanga uja mu The Walking Dead. Ife makolo tidziweko kumene anayambira, popeza nkhani yake ikukhudza m'nyumba zathu.

Danai anabadwira ku Grinnell, m'chigawo cha Iowa ku America, mu 1978. Makolo ake ndi a ku Zimbabwe, ndipo mu 1983 banja lonse linabwerera ku Harare, kumene iye anakulira. Atamaliza sekondale anapitanso ku America, natenga digiri ya psychology ku Macalester College. Kenako anakaphunzira zisudzo ku New York University. Makolo enafe tikanagwira mutu pamenepa: fizi yonse ija, mwana nkusankha masewero!

Ali kusukuluko anaona kuti masewero onena za mkazi wa ku Africa ndi osowa. Sanadikire kuti wina amuganizire. Iye ndi mnzake Nikkole Salter analemba In the Continuum, sewero la amayi awiri, wina ku Harare wina ku Los Angeles, amene auzidwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Anasewera okha awiriwo mu 2005, ndipo mu 2006 analandira mphoto ya Obie. Amene tinaika abale m'manda m'zaka zimenezo tikudziwa kuti Danai sanachite kupeka. Ankanena zimene ambiri tinkangonong'onezana pamaliro.

Eclipsed, sewero lake la amayi ogwidwa pankhondo ya ku Liberia, linafika pa Broadway mu 2016, Lupita Nyong'o akusewera nawo. Wolemba, wotsogolera ndi osewera onse anali akazi achikuda, chinthu chimene chinali chisanachitikepo kumeneko.

Koma ine ndimakonda Familiar, la 2015, ndipo ophunzira athu alifunefune. Banja la ku Zimbabwe lokhala ku Minnesota likukonzekera ukwati wa mwana wawo wamkazi ndi mzungu. Mwadzidzidzi atulukira amayi ake aakulu kuchokera kwawo, ati ukwati sungachitike popanda roora, imene ena timati lobola. Amayi a mkwatibwi sakufuna nkumva komwe. Anasiya zimenezo dala kuti ana awo akhale Achimereka. Nanga si mkangano womwewu umabuka kuno chinkhoswe chikayandikira? Danai sanaweruze kuti wolakwa ndi uyu. Anangoonetsa kuti mwana amene sanauzidwe za kwawo amadzafunsa ndithu, ndipo amafunsa tsiku loipa.

Ndalama ndi kutchuka zinabwera ndi kanema, koma zisudzo sanazisiye. Mu 2022 anasewera ngati mfumu Richard III mu sewero la Shakespeare ku Central Park, New York. Ndipo mu 2011, Michonne asanamveke, anali atathandiza kale kukhazikitsa bungwe la Almasi, lophunzitsa olemba ndi ochita zisudzo ku Zimbabwe.