Mlendo ndi Mame, Koma Pasiwedi Sikamuka

Makolo athu, amene sadaone kompyuta koma adamudziwa munthu mpaka mumtima, adatisiyira mawu akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo ndi mawu amenewa adatilangiza kuti wofika pakhomo timulandire ndi manja awiri, timuyalire mphasa, timuphere nkhuku ngati ilipo, osawerengera kutha kwa ufa, popeza mawa adzakhala atapita ndipo chotsala chidzakhala mbiri ya momwe tidamusungira. Mwambo umenewu sindifuna kuti ufe, ndipo amene angaganize kuti ndadza kudzalalikira umbombo adzakhala atandinamizira. Koma masiku ano mlendo akangolonjeredwa, asanamwe ngakhale madzi, funso lake loyamba limakhala la pasiwedi ya Wi-Fi. Ndipo mwininyumba, pochita manyazi kumana chinthu chosaoneka ndi maso, amaitchula msangamsanga, osazindikira kuti mlendoyo adzakamukadi monga mame, koma pasiwediyo idzatsala m'foni mwake, kotero kuti tsiku lililonse akadzadutsa kuseri kwa mpanda foniyo idzalowa yokha popanda odi, ndiponso adzatha kugawira anzake amene mwininyumbayo sadawaonepo nkhope.

Tiyambe taona chimene chimachitika munthu akamalumikiza kompyuta yake. Kabokosi kamene timakatcha rauta, kaya ndi kakakulu kokhala pa shelefu kaya ndi ka MiFi kolowa m'thumba, kamalandira intaneti kuchokera ku kampani, kudzera pa simukhadi kapena pa nthambo, ndipo kamaimwaza m'nyumba pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz ndi 5 GHz. Mwini kompyuta amangodina kachizindikiro ka mafunde kamene pa Windows kamakhala pansi kudzanja lamanja, naona mndandanda wa mayina a manetiweki onse apafupi, nasankha lake, nalemba pasiwedi, basi walowa. Ntchito yonseyo sitha ngakhale mphindi imodzi. Akatswiri adagwirizana za njira imeneyi mu 1997 naitcha 802.11, dzina lakuti Wi-Fi lidadza mu 1999, ndipo chiyambire nthawi imeneyo opanga zipangizo akhala akupikisana pa kufewetsa kalowedwe. Komatu walira mvula walira matope. Mafunde amene amakufikani kuchipinda mutagona sadziwa pamene pathera malo anu: amabowola khoma, amalumpha mpanda, amafika kumsewu, makamaka a 2.4 GHz amene amapita patali kuposa anzakewo. Amene adadutsapo madzulo pafupi ndi ofesi yotseka naona anyamata atatsamira khoma, nkhope zikuwala ndi mafoni, ali chete ngati ali pa mapemphero, akudziwa chimene ndikunena.

Tsono tembenuzani rauta yanu, muone kapepala komatidwa kunsi kwake kapena, ngati ndi MiFi, pansi pa chivindikiro cha batire. Mupezapo dzina la netiweki, pasiwedi ya Wi-Fi, manambala onga 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, ndipo pambali pake dzina ndi pasiwedi ina, imene pa marauta ambiri imangokhala liwu lakuti admin mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene ambiri a ife timasochera, chifukwa timayesa kuti kiyi ndi mmodzi pamene makiyi ndi awiri. Woyamba ndi wongolowera pa intaneti. Wachiwiri ndi wa ulamuliro, ndipo munthu aliyense amene mudamupatsa woyambayo, akalemba manambala aja mu pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti nalowetsa admin, wasanduka mfumu m'nyumba mwanu inu muli maso. Angathe kusintha pasiwedi n'kukutsekerani kunja mwini wake. Angathe kuona zipangizo zonse zolumikizidwa. Ndipo choopsa koposa, angathe kupotoza njira kuti mukalemba dzina la banki yanu mukafikire pa tsamba lonyenga lofanana nalo. Ogulitsa sanena zimenezi, ogula nawonso safunsa, ndipo akale adanena kale chimene safunsa adadya.

Wina angati, ndani angavutike ndi karauta kanga ine wosauka? Yankho lidaoneka pa 21 Okutobala 2016, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai, imene inkangoyendayenda pa intaneti kuyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale okwana pafupifupi 60, idasonkhanitsa makamera ndi marauta zikwizikwi a anthu osadziwa kanthu, niwatuma onse nthawi imodzi kukathithikiza kampani ya Dyn ku America, mpaka Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu adaleka kutseguka kwa anthu ambiri tsiku limenelo. Mirai sinkafunsa ngati mwini chipangizo ndi wolemera kapena wosauka. Inkangofuna khomo limene mwini wake adalisiya monga adaligulira.

Za maloko enieni a Wi-Fi ndinenepo pang'ono, popeza pa tsamba la ulamuliro lija mudzafunsidwa kusankha pakati pa zilembo zimene sizinena kanthu kwa munthu wamba. Loko woyamba ankatchedwa WEP, ndipo mu 2001 akatswiri atatu, Fluhrer, Mantin ndi Shamir, adaonetsa kuti wongomvetsera mafunde kwa kanthawi angathe kupeza kiyi wake. Ngakhale zidatero, kampani ya masitolo ya TJX ku America idapitiriza kumudalira, mpaka akuba adayamba kuimika galimoto kunja kwa masitolo ake ndi laputopu, nalowa m'makompyuta a kampaniyo osathyola chitseko kapena zenera. Ndipo pamene nkhaniyo idaululika mu 2007, manambala a makadi a banki opitirira 45 miliyoni adali atapita kale. Mtsogoleri wa gululo, Albert Gonzalez, adalamulidwa mu 2010 kukhala kundende zaka 20, koma madzi akatayika saoleka. Pambuyo pake padadza WPA2 wa mu 2004, kenaka WPA3 wa mu 2018. Sankhani WPA3 ngati zipangizo zanu zimulola, apo ayi WPA2, ndipo rauta imene ili ndi WEP yekha yakwana nthawi yoti ipume. Ngakhale WPA2 adapezeka ndi chilema mu 2017, pamene Mathy Vanhoef wa ku yunivesite ya Leuven ku Belgium adaonetsa njira yomuzembera. Opanga zipangizo adatumiza zokonza, koma zokonzazo zimathandiza okhawo amene amalola kompyuta, foni ndi rauta kulandira mapulogalamu atsopano, osati aja amene uthenga ukabwera amangodina kuti mawa, mpaka kufanana ndi Zengerezu amene adalinda kwawukwawu. Palinso kabatani kolembedwa WPS, kamene njira yake ina imalola munthu kulowa ndi manambala 8 okha; mu 2011 Stefan Viehböck adapeza kuti rauta imayesa manambalawo m'zigawo ziwiri, motero m'malo moyesa mamiliyoni wakuba amangofunika kuyesa pafupifupi ka 11,000. Kazimitseni, simudzakasowa.

Koma loko wolimba sapindula kanthu ngati kiyi wake ali wodziwika kwa mudzi wonse. Ife timakonda kulemba dzina la mwana woyamba ndi chaka chimene adabadwa, kapena nambala ya foni imene tidalembanso pa chikwangwani cha golosale, kapena kungowerenga kuyambira 1 mpaka 8 chifukwa rauta yakana zilembo zochepera 8. Wakuba wodziwa ntchito salimbana ndi rauta yanu usiku wonse. Amangojambula kamphindi kamene foni yanu ikupatsana moni ndi rauta, napita nazo kwawo, nasiya makina ake akuyesa mawu mamiliyoni ambiri iye akudya nsima. Chimene chimamugonjetsa ndi kutalika, ndipo WPA2 amalola zilembo mpaka 63. Tengani mawu anayi kapena asanu a chinenero chathu amene sayenderana konse, monga dzina la nsomba, la chida cha kumunda, la phiri limene simudakwerepo ndi la ndiwo imene simuikonda, muwalumikize ndi manambala pakati. Mudzawakumbukira mosavuta, koma makina adzatopa nawo. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti musatenge mwambi, ngakhale umene mwawerenga muno, pakuti chimene chili pakamwa pa anthu onse sichingakhale chinsinsi cha munthu mmodzi.

Tsopano ndibwerere kwa amene akung'ung'udza mumtima kuti zonsezi ndi nzeru za anthu omana, ndi kuti mnansi amene adakubwereka mchere dzulo sungamukanize intaneti lero. Ndikuvomera ndi mtima wonse kuti bandulo ndi yodula ndipo wokhala nayo ayenera kukumbukira wopanda. Koma makolo aja amene adatiphunzitsa kusunga alendo sadali opusa: mlendo ankamupatsa malo ake ogona ndi chakudya chabwino koposa, koma sankamulowetsa kuchipinda kwa eni nyumba, ndipo kukatapa chimanga m'nkhokwe kudali kwa mwini nkhokwe yekha, palibe mlendo waulemu amene adaona ngati wanyozedwa pa chifukwa chimenecho. Marauta ambiri a masiku ano ali ndi malo otere, olembedwa Guest, amene amatsegula netiweki yachiwiri ya dzina lake ndi pasiwedi yake. Wolowera kumeneko amapeza intaneti, koma saona kompyuta yanu, kapena makina osindikizira, kapena tsamba la ulamuliro lija ngati mwalitseka. Ndipo pasiwedi yake mungathe kuisintha alendo akapita popanda kusokoneza a m'nyumba. Musaiwalenso kuti kuno ku Malawi simukhadi idalembetsedwa m'dzina la munthu ndi chiphaso chake, ndipo chiyambire 2016 pali lamulo loweruza milandu yochitika pa intaneti; motero wina akanyoza, akaopseza kapena akabera anthu kudzera pa rauta yanu, ofufuza akamalondola mapazi adzayamba kugogoda pakhomo panu. Chifundo chidapha nkhwali.

Nanga ife tikakhala alendo? Ku hotela, ku bwalo la ndege, m'malo odyera, dzina la netiweki yopanda loko likaoneka mtima umadumpha, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pa netiweki yotere zimene zikuyenda m'mafunde angathe kuzitola aliyense wapafupi, ndipo mu 2010 kampani ya Google yomwe idavomera kuti magalimoto ake ojambula misewu adatolera zidutswa za mauthenga a anthu pa manetiweki osatseka m'mayiko ambiri. Kunena chilungamo, lero zinthu zasinthako, popeza masamba ambiri amabisa okha zimene mukulemba, ndipo mudzawadziwa poona kuti adiresi yawo ikuyamba ndi https. Koma munthu wa mtima woipa angathe kutsegula netiweki yake naitcha dzina lenileni la hotelayo, ndipo palibe chimene chingakuuzeni ndi maso kuti iyi ndi yeniyeni, iyo ndi yonamizira. Funsani wa pa kauntala dzina lenileni la netiweki yawo. Windows ikafuna kudziwa mtundu wa netiwekiyo, sankhani Public kuti kompyuta yanu isaonekere kwa ena. Za banki ndi zotumiza ndalama chitirani pa bandulo yanu. Ndipo pochoka uzani kompyuta iiwale netiwekiyo, kuti isadzathamangire dzina lomwelo kwina.

Kwa amene adagawa kale pasiwedi yake kwa anthu osawerengeka, njira ilipo ndipo sifuna katswiri. Lowani pa tsamba la ulamuliro, yambani mwasintha admin uja, kenaka tsegulani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, muwerenge ngati zikufanana ndi mafoni ndi makompyuta a m'nyumba mwanu. Ambiri amadabwa kupeza kuti bandulo imene ankainenera kampani kuti ikutha msanga inkadyedwa ndi makomo atatu. Mukasintha pasiwedi ya Wi-Fi onse adzagwa nthawi imodzi, a m'nyumba ndi akunja omwe, ndipo mudzalowetsanso okhawo amene mwawafuna. Yatsopanoyo ilembeni m'kabuku kosungidwa bwino, osati pa kapepala komata pa khoma la pabalaza. Ngati mwapeza kuti wina adakutsogolerani nasintha kiyi wa ulamuliro, funani kabowo kakang'ono kolembedwa Reset, mulowetsemo kapini, mukanikize kwa masekondi khumi kapena kupitirirapo mpaka magetsi a rauta aphethire. Ikadzuka idzakhala yabwerera monga idachokera kufakitale, ndi dzina lakale, pasiwedi ya pa kapepala ndi admin yemwe uja, choncho musanyamuke pampando musanasinthe zonse zitatu.